Mfundo Zitatu Zabwerera

LACHIWIRI

09:14 Priska: achimwene ndapereka

09:14 Priska: esinala walandira

09:15 Geresomo: Wanena chiyani?

09:15 Priska: wati takhuta

09:17 Geresomo: Basi? Chinthu chawoloka nyanja, chapulumuka m'manja mwa ofufuza katundu pabwalo la ndege, iye n'kungoti takhuta ngati wapatsidwa mchere wobwereka?

09:17 Priska: kkkk mumafuna avine utse?

09:18 Priska: komatu ovina analipo

09:18 Geresomo: Ndani?

09:20 Priska: azimayi onse a mzere wa nsomba pa bangula pano. nthungululu mpaka a minibus anasiya kuitanira

09:20 Priska: akuti esinala walandira chikole

09:22 Geresomo: Chikole cha chiyani? Ndinakuuza bwinobwino iwe. Ndi wotchi yoyeza kugunda kwa mtima. Si iwe wemwe unandiuza kuti BP ikumuvuta chimwalirire mwamuna wake Kaitano?

09:22 Priska: eya ndinawauza kt ndi ya bp

09:23 Priska: anati ee, bp ya achimwene ako

09:25 Priska: mwamuna wa zaka 58 wopanda mkazi kutumiza chitsulo chonyezimira kwa mayi wamasiye, mkabokosi kofewa mkati ngati ka mphete. ku leeds kwanuko sindikudziwa koma kuno timati chikole

09:26 Priska: mukanabwera nokha mukanafotokoza. koma inu busy kukumbatira fan ku lodge ku nchalo

09:30 Geresomo: Sindikukumbatira fani. Ndikuzolowera. Dzuwa limene ndinalisiya kuno mu 1994 linali ndi ulemu, linkayamba kuwotcha anthu atamwa kaye phala. Ili la masiku anoli n'lopanda mwambo ngati zina zonse.

09:30 Priska: dzuwa ndi lomweli achimwene, khungu ndi limene lasintha

09:36 Geresomo: Ndipo anzakowo ayang'ane kaye tcheni ya wotchiyo asanathe mawu ndi nthungululu. Lamba wa mphira ndinamukana dala. Munthu wogwira nsomba tsiku lonse, mphira amamwa fungo, ndipo ndi thukuta la kuno khungu limayabwa n'kutupa. Wachikopa angawole mwezi usanathe. Wansalu ndiye angasanduke nyambo ya ntchentche. Iyo ndi chitsulo chosachita dzimbiri. Akamasamba m'manja ndi sopo, nayo yasamba. Zimenezi si zachikondi, ndi nzeru chabe.

09:37 Priska: mmm

09:38 Priska: ndye munakhala pansi ku leeds kuja, chisanu chili mbee, nkumaganizira manja a esinala ali mbeseni la nsomba

09:38 Priska: koma si chikole

09:38 Geresomo: Si chikole.

09:39 Priska: ok 😂

09:41 Priska: vuto ndi limodzi. ikukhwepa. akakweza mkono kuthamangitsa ntchentche ikutsetsereka mpaka pa chigongono

09:46 Geresomo: N'chifukwa chake ndinagula ya mfundo. Tcheniyo ndi tizidutswa ta chitsulo tolumikizidwa ndi timapini. Ukakankha kapini mfundo imodzi imachoka, tcheni n'kufupika. Ukafuna italike umabwezera. Ikakhwepa siwerenga mtima, imafunika kukhudza khungu. Kachida kokankhira mapiniko kali ndi ine, ndinaiwala kukaika m'bokosi.

09:46 Priska: munaiwala 🙄

09:47 Priska: bwanji osangogula size yake

10:21 Geresomo: Dzanja lake sindilidziwa. Sindinaligwirepo.

10:24 Geresomo: Tinkakwera limodzi sitima ya ku Limbe popita ku sekondale, iye pa benchi ilo, ine pa benchi ili, n'kumakambirana za mayeso kuyambira pa Makhanga mpaka kukatsika. Pamene ndimati ndalimba mtima n'kuti Kaitano atatumiza kale ankhoswe.

10:25 Priska: eish

10:25 Priska: izi simunandiuzepo

10:26 Geresomo: Unali ukudya dothi nthawi imeneyo.

10:27 Priska: ndye bweretsani kachidako mudzamuchepetsere

10:27 Geresomo: Mawa. Mwina.

10:28 Priska: ndege yanu ndi loweruka paja

10:28 Priska: ndipo munati mukakwera ulendo uno simudzabweranso

10:37 Geresomo: Ndinati ndibwera kudzaona ngati chilipo chondikhazika kwathu. Ndaona. Pamene tinkawolokera ku Chiromo pano ndi madzi, munthu uzichita kupempha bwato ngati wothawa nkhondo. M'njanji mwamera mitengo yoti n'kucheka matabwa. Pamene panali nyumba ya bambo ku Makhanga ndi mchenga wokhawokha, ngakhale bwemba uja tinkagenda sindinamupeze. Ndafunsa njira m'mudzi wobadwira, mwana wa munthu wina n'kundiyankha m'Chingerezi. Munthu akhalire chiyani?

10:38 Priska: ine ndilipo

10:38 Geresomo: Iwe umapezeka pa foni kulikonse.

10:39 Priska: mxiii

LACHITATU

08:52 Priska: [chithunzi: kajumbo ka shuga, m'kati muli tizitsulo titatu]

08:52 Priska: achimwene dzukani muone izi

08:53 Priska: wabweretsa wa shapa, njinga ya kabaza ija. akuti esinala wati ukapatse achimwene ako

08:55 Geresomo: Izo ndi mfundo za tcheni. Wachotsa ndani?

08:56 Priska: thom wokonza mafoni kuseri kwa depoti. akuti anakankha mapini ndi singano

08:56 Geresomo: Ndi singano. Chabwino. Uthenga?

08:56 Priska: palibe

08:57 Geresomo: Palibe ngakhale liwu? Nkhope ya wa shapayo inali yotani?

08:57 Priska: ya thukuta

08:58 Geresomo: Wotchiyo wavala?

08:59 Priska: sindinamuone. lero wapita kudoko kukapikula nsomba, benchi lake lili pululu

09:12 Geresomo: Priska. Kwathu kuno mkazi akabweza chikole amatanthauza chiyani?

09:12 Priska: aaa si chikole paja

09:12 Priska: ndi ya bp

09:13 Geresomo: Yankha funso.

09:14 Priska: akabweza ndye kt wakana

09:14 Priska: koma uyu sanabweze chonse

09:15 Priska: ndifunse azakhali josephine?

09:15 Geresomo: USAFUNSE.

09:15 Priska: ndafunsa kale

09:31 Priska: [uthenga wa mawu wochokera kwa azakhali Josephine, 0:52] Iwe Priska, ukundimva? Foni iyi ikumveka? Eya. Ine zikole ndaziona zambiri. Mpango ndauona, ndolo ndaziona, wina anapereka tochi. Wokana ankabweza chonse, ena amwano ankachita kuponyera kuseri kwa mpanda. Wolola ankasunga chonse. Koma kudula chikole pakati ngati nzimbe, n'kutumiza mfundo, nkhabe, ichi sindinachionepo chibadwire. Kaya wamulola mutu, miyendo wakana, kaya. Umuuze Geresomo adzandione asanathawenso, ndipo adye, khosi latalika.

09:34 Geresomo: Zikomo. Tsopano anthu onse a kwa Malemia adziwa dzuwa lisanafike pamutu.

09:34 Priska: malemia adziwa mochedwa. msika wadziwa kale

09:38 Priska: ndipo wagawanika pawiri. a mzere wa milamba akuti akukukanani pang'onopang'ono kt musakomoke, mawa kubwera zina zitatu mpaka wotchi ithe

09:39 Priska: a mzere wa makakana akuti ayi, ndi mbewu, mudzale

09:40 Priska: a paul akulu ampingo akuti ndi chakhumi, mkazi woopa mulungu ameneyo

09:43 Geresomo: Chakhumi amapereka kwa munthu wa ku Leeds? Paul ndinaphunzira naye pulayimale. Masamu ankamuthawa ngati ng'ona yaona mkondo, ndipo ndikuona kuti Baibulo nalo layamba.

09:44 Priska: kkkkkkk ndiwauza

09:44 Geresomo: Usamuuze. Nditumizire zitsulozo pa minibus.

09:45 Priska: ndapatsa daliso conductor, afika pa nchalo cha mma 11. mukhale pa stage, asakufuneni ku fan

11:48 Geresomo: Ndalandira.

11:55 Geresomo: Zatsukidwa. Zikununkhira sopo. Munthu wokana amatsuka chimene akubweza?

11:56 Priska: esinala amatsuka ndi ndalama zachitsulo zomwe

12:03 Geresomo: Ndipo timapini tonse wationjeza, watikulunga padera m'kansalu. Kapini n'kochepa ngati munga wa nsomba, Priska. Munthu wotaya chinthu sasamala timapini. Amene wasunga kapini akuganiza kuti tsiku lina mfundoyo idzabwerera pamalo pake.

12:03 Priska: ndye ndi inde!!

12:04 Geresomo: Kapena ndi ukhondo chabe.

12:04 Priska: yesu

12:19 Geresomo: Zaka makumi awiri ndakhala ndikusanja mabuku m'mashelefu a azungu, ndipo mwa atatu aliwonse limodzi ndinkaliwerenga. Ndawerenga za amuna okanidwa ndi kalata, okanidwa pa guwa, okanidwa pa siteshoni sitima ikunyamuka. Palibe ngakhale mmodzi amene anakanidwa ndi ma spare.

12:20 Priska: mukhala woyamba, tikulembani

12:21 Priska: muimbireni foni achimwene

12:24 Geresomo: Ndinene chiyani? "Pepani amayi, zitsulo zitatu zija ndi inde kapena ayi?"

12:24 Priska: eya. ndendende choncho

12:25 Geresomo: Sungamvetse.

14:40 Geresomo: Uthengawu wafufutidwa

14:41 Geresomo: Uthengawu wafufutidwa

14:43 Priska: ndinawerenga musanafufute

14:43 Priska: ndakatulo ija inali bho koma shire sayenda chobwerera

15:10 Geresomo: Chigwa chino chili ndi khalidwe limodzi. Chilichonse ukachipatsa chathunthu chimakubwezera zidutswa. Tinachipatsa njanji, chinabweza zitsulo zogulitsa pa sikelo. Tinachipatsa nyumba, chinabweza njerwa ziwiri. Ine ndimadabwa chiyani?

15:11 Priska: esinala si chigwa. ndi munthu, ali ndi number

15:26 Geresomo: Sutikesi yanga yaikulu ili kwanuyo uimange. Lachisanu m'mawa udzaikweze minibus ya ku Blantyre, ine ndidzakwerera pa Nchalo pano. Ku Bangula sindibwera. Sindingadutse pakati pa milamba ndi makakana onse akundiyang'ana.

15:27 Priska: simutsanzika azakhali?

15:27 Priska: achimwene

15:49 Priska: [kuimba kosayankhidwa]

16:30 Priska: ok. ine ndye ndatopa nanu

LACHINAYI

07:40 Priska wapanga gulu "BP"

07:40 Priska waika Geresomo

07:40 Priska waika Esinala

07:41 Priska: mwadzuka bwanji nonse. ine ndangotsegula chitseko, lowani nokha

07:58 Geresomo: Mwadzuka bwanji, mayi a Witness. Pepani ndi chipwirikiti cha mlongo wangayu, anabadwa nthawi ya njala. Ndikhulupirira kuti inu ndi ana muli bwino, ndiponso kuti malonda akuyenda.

07:59 Priska: "ndikhulupirira" 😭 mukulembera dc?

08:16 Esinala: [uthenga wa mawu, 0:44] Mwacherwa, a Geresomo. Ine zolembalemba ayi, manja ali ndi mamba, muzingomva mawu. Dikirani. Ayi mayi, mulu uwo si wa mtengo umenewo, funsani kwina mubwerenso. Eya, a Geresomo. Mayi a Witness ndi a kutchalitchi, inu mumandidziwa dzina. Ndamva kuti kudya kwakukanikani chifukwa cha tizitsulo. Bangula yense akudziwa tanthauzo lake, a Paul mpaka alalikirapo. Wosafunsidwa ndine ndekha mwini wake.

08:21 Geresomo: Pepani, Esinala. Kodi wotchiyo ikugwira bwino ntchito?

08:21 Priska: 🤦🏾‍♀️

08:27 Esinala: [uthenga wa mawu, 1:05] Ikugwira, mwinanso mopitirira. Dzulo ndangokhala pansi pang'ono m'bwato, yanjenjemera, Witness akuti ikuti imirirani. M'bwato! Ndiimirire kuti ng'ona zindione bwino? Kenako ikuti pumani mpweya. Ine ndakhala ndikupuma zaka zonsezi popanda wondiuza. Koma tcheniyo ndiye ayi, pyadidi, ndi yabwino, munasankha. Fungo siigwira, ndikatsuka imawala ngati supuni ya alendo. Kungoti ikakhala padzuwa imatentha ngati chiwaya, ndimachita kuiviika m'beseni limodzi ndi nsomba. Ndipo timamba timalowa m'mipatamo, ndimatokosa ndi kamtengo ka machesi. Inabwera ngati mwini wake, mfundo zambirimbiri. Ndachotsako zitatu, yakhala bwino.

08:28 Priska: KKKKKKKKK

08:28 Priska: mfundo zambirimbiri 💀

08:36 Geresomo: Ndalandira chidzudzulocho. Komabe pa nkhani ya kutentha, chitsulo chimatenga kutentha msanga koma chimatayanso msanga, kusiyana ndi mphira amene amasunga. Ndipo mukaona pa chotsekera pake pali timabowo ting'onoting'ono. Mukasuntha kapini kuchoka pa bowo lina kupita pa lina, tcheni imawonjezera pang'ono osachotsa mfundo. Anaipanga choncho chifukwa dzanja la munthu silikhala chimodzimodzi tsiku lonse.

08:37 Priska: yachinayi iyo, chotsaninso

08:45 Esinala: [uthenga wa mawu, 0:38] Timabowoto Thom anatipeza, tafika kale kumapeto. Vuto ndi lakuti anandiyeza m'mawa. M'mawa dzanja langa ndi la mtsikana. Likafika dzuwa la masana, ndi mchere wa nsombawu, limatupa ngati chinangwa chonyika. Ndiye pofika nthawi ya nkhomaliro wotchi yanu imandigwira ngati wapolisi. Anachotsa zambiri. Imodzi ikufunika ibwerere.

08:47 Geresomo: Nanga munatumiziranji zonse zitatu ngati imodzi ikufunika?

09:20 Esinala: [uthenga wa mawu, 0:49] Pepani, kunabwera ogula. Mwati ndinatumiziranji? Chifukwa inu simupita kwa munthu opanda chonyamula. Kuyambira kale. M'sitima muja kuti mundiyankhule munkayamba mwabwereka rula, chonsecho yanu ili m'thumba, ndinkaiona. Chibwerereni mwadutsa pa benchi langa kawiri, khosi lili m'mwamba ngati mukuwerenga mitambo, mwezi uno wopanda ndi mtambo umodzi womwe. Ndiye ndinati munthuyu ndimupatse katundu woti abweretse.

09:21 Priska: a mzere wa makakana awina!!

09:22 Priska: achimwene kwerani njinga

09:26 Esinala: [uthenga wa mawu, 1:31] Iwe Priska takhala chete, sindinathe. A Geresomo, musanakwere kanthu mundiuze chinthu chimodzi, pompano, mlongo wanu akumva. Chimene chili pa dzanja langachi n'chiyani? Ngati ndi makina a BP, nenani, palibe mlandu. Kuchipatala aliko, amandiyeza mwezi ndi mwezi. Ndikubwezerani yonse ndi bokosi lomwe, mukapatse wodwala wina. Sindingayende ndi chinthu chimene msika wonse ukuchitcha dzina lina, mwini wake akuchitcha lina. Ndine mayi wa anthu ine. Koma ngati n'chimene akunena anzangawa, chimenecho sichibwera ndi mlongo m'jumbo. Ndipo mumve ziwiri izi. Ku Leeds ine sindipita, ndilibe chimene ndinataya kumeneko. Chachiwiri, Esinala wa m'sitima uja musamufune. Anapita ndi madzi ameneyo. Amene alipoyu ali ndi zidzukulu, bondo limodzi ndi la boma, ndipo akuti amaliza mkonono. Ndamva mmene mukuyankhulira za kwathu kuno, ngati mwabwera pa maliro. Ife amene tinatsala tinakwera m'mitengo madzi atabwera, tinatsika, tinamanganso. Sindingakhale ndi munthu wondiyang'ana kumaso n'kumalira 1994. Ndatha.

09:27 Priska: 😶

09:40 Priska: achimwene akuoneka kt akulemba

09:58 Priska: akulembabe

10:15 Priska: asiya

10:31 Priska: ayambanso. esinala konzani mpando, ikubwera chapter

11:02 Geresomo: Uthengawu wafufutidwa

11:09 Geresomo: Funso lanu lili ndi mbali zingapo.

11:09 Priska: ACHIMWENE

11:44 Esinala: [uthenga wa mawu, 0:09] Mbali zingapo. Pyadidi. Bokosi lija ndalipeza, linali pansi pa bedi.

11:45 Priska: esinala dikirani kaye, munthuyu amachedwa kutentha ngati mbaula yonyowa

11:46 Priska: achimwene yankhani bwino

12:30 Priska: [kuimba kosayankhidwa]

14:05 Priska: ine ndinangotsegula chitseko, sindinati muswe nyumba

16:52 Geresomo: Esinala, mbali ndi imodzi, zinazo ndinanama. Ndikuopa. Ku Leeds ndine mlendo, koma kukhala mlendo kumeneko ndinakuzolowera, ndikudziwa pokhala mlendo m'basi ndi m'sitolo. Ndipo kukazizira ndinkati palibe kanthu, kwathu kuliko. Ndikakhala kuno n'kupezeka kuti kunonso ndine mlendo, ndidzalozanso kuti? Mawu a Chisena ena andithawa. Dzuwa likundidwalitsa. Ndikhoza kukhala katundu wanu wina, woposa mabeseni.

16:53 Priska: iyi musafufute

17:20 Esinala: [uthenga wa mawu, 0:27] Iyi ndiye ndamva, ndi ya munthu. Chisena chimabwerera, chili ngati chimfine. Dzuwa limatiwotcha tonse, silinakusankheni. Koma mantha si yankho, a Geresomo, ndi moni chabe. Funso langa likadali pomwepo, ndipo pa foni sindilifunanso. Ine benchi ndimatsegula m'mawa. Bokosi ndibwera nalo.

17:22 Priska: ndye sutikesi ija ndimange kapena ayi

17:40 Priska: achimwene

18:05 Geresomo: Manga.

18:05 Priska: 💔

LACHISANU

07:31 Priska: ndili pa depoti ndi sutikesi yanu. munaikamo miyala?

07:33 Priska: ndi mabuku eti. munabwera ndi mabuku ku bangula ngati kulibe chochita

07:50 Priska: ya daliso ndi imene ikudzaza. ndamuuza akusungireni mpando wakutsogolo pa nchalo, wa pa window

07:51 Priska: azakhali akupatsani malambe ndi mbatata, akuti muzikadya kwa azungu. alira

08:10 Priska: ine sindilira. ndakwiya

08:24 Priska: yatsala anthu anayi

08:25 Priska: achimwene mwadzuka?

08:31 Priska: [kuimba kosayankhidwa]

08:33 Priska: [kuimba kosayankhidwa]

08:40 Priska: ndaimbira ku lodge akuti mwatuluka mmamawa mwabweza key. muli pa stage?

08:41 Priska: daliso wamanga kale sutikesi kumbuyo pamodzi ndi matumba a nsomba zouma. ikafika ku leeds azungu adziwa kwanu

08:49 Priska: yatsala munthu mmodzi. driver waliza engine

08:50 Priska: ndiisiye ipite yokha?? ikakupezani kuti??

08:52 Priska: esinala pepani kukuvutitsani, ndikudziwa mwakhumudwa. achimwene sanakuimbireni?

08:55 Priska: anthu inu daliso akunditukwana

08:58 Esinala: [uthenga wa mawu, 0:33] Mlamu, tsitsa sutikesiyo, minibus ipite. Ali pano. Sangayankhe foni, manja ali m'beseni. Amabwezera mfundo ija, kapini n'kugwera m'makakana. Avala magalasi awiri, akutembenuza nsomba imodziimodzi, ogula aima akudikira. Ayi a Geresomo, iyo mwaiona kale, onani inayo. Ubwere ndi madzi ozizira, mlamu, munthuyu wabwera atavala jekete.

08:58 Priska: dikirani

08:59 Priska: mwanditchula ndani??

08:59 Priska: esinala

09:00 Priska: achimwene

09:00 Priska: MWATI NDANI